Agogo a ku Domwe anamva zimene oweruza sanamve

## Pepala la oweruza

Mlongo wanga anabwera nalo atalipinda, n'kuliika patebulo osanena kanthu. Linali pepala la zotsatira za mpikisano wina wa zachikhalidwe kuno ku Vila Ulónguè, m'boma la Angónia m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo kagulu kawo ka achinyamata oimba ndi kuvina kanali kumapeto kwenikweni. M'munsi mwa mapointi, mmodzi wa oweruza analemba ndi bolopeni m'Chipwitikizi kuti zimene anaonetsazo si gule wa makolo, si sewero, si nyimbo zamakono, choncho zinalibe poziika. Basi. Sanalembe kuti ng'oma inachedwa, kapena kuti wovina analobodoka, kapena kuti nkhani yake sinamveke.

Tsikulo ndinalipo. Oweruza ndinawaona akuyang'anana zinthu zitangoyamba, ndipo wina anawerama n'kuyamba kulemba achinyamatawo asanafike n'pakati pomwe. Zoti analuza sizinandivute. Magulu a ngoma ndi chimtali amene anapambana anavina zenizeni, fumbi lili kobo, ndipo mphoto inawayenera. Chimene chakana kundichoka mumtima n'chakuti achinyamata asanu anakhetsa thukuta miyezi yambiri, koma anthu amene anapatsidwa udindo womvetsera anawabwezera pepala lopanda liwu ndi limodzi lomwe lonena za zimene zinalowa m'makutu mwawo. Anachita ngati wogulitsa kachewere pamsika amene amangodziwa milu yake itatu; ukamupatsa chinthu china amangochikankhira pambali, osachinunkhiza n'komwe.

## Kuseri kwa chigayo

Amakumana m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo cha amalume athu, madzulo chigayo chikazima. Mlongo wanga ndiye wovina. Pali mnyamata woimba bangwe, amene anamatirira kamaikolofoni pa thabwa lake n'kukalumikiza ku sipika. Pali woimba ng'oma, mwana wa kumudzi amene anakulira pabwalo la gule. Pali mnyamata wa foni, amene amayendayenda kujambula kulira kwa zinthu: chigayo, mvula padenga la malata, malole akudikira pachipata cha Calómuè, m'malire ndi Malawi. Wachisanu ndi Mnyungwe wa ku Changara amene anabwera kuno kudzaphunzitsa, ndipo ndiye anabweretsa nyanga.

Amene simunatsikeko kuchigwa cha Zambezi mwina nyanga simunaimve. Kwawoko imaimbidwa ndi chigulu cha anthu, makumi awiri kapena kupitirira, akuzungulira pabwalo, miyendo ili ndi maseche. Aliyense amagwira zitoliro zochepa zomangidwa pamodzi, ziwiri, zitatu kapena zinayi. Palibe amene ali ndi nyimbo yonse m'manja mwake. Iwe umauzira liwu lako pampata umene mnzako wasiya, pokoka mpweya n'kuimbanso ndi pakamwa, uku mapazi akuponda zawo. Katswiri wa nyimbo Andrew Tracey analemba za kaimbidwe kameneka mu 1971, ndipo anthu akutali amene amaphunzira nyimbo za mu Africa amaidziwa nyanga ya ku Tete kuposa ambiri a ife a kumtunda kuno.

Mphunzitsi uja zitoliro zake anadula ku mapaipi a pulasitiki. Ouzira alipo atatu okha, iye, wa bangwe akasiya bangwe, ndi mlongo wanga ali m'kati movina. Ndiye nyimbo imatuluka ndi mipata ikuluikulu pamene pakanakhala anthu ena aja. Poyamba ankaona ngati ndi vuto. Kenako anaganiza zomanga chinthu chonse pamipata imeneyo.

Chimene anamanga chimatenga mphindi pafupifupi 40, ndipo chimanena za kubwerera. Tonse kuno tikuidziwa nkhaniyo: nkhondo yapachiweniweni ya dziko lathu itafika poipa m'ma 1980, anthu oposa 1 miliyoni anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anangowoloka msewu n'kukakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu. Ine ndinabadwira komweko. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera, ambiri wapansi, kudutsa m'njira zimene ankaopa kuti mwakwiriridwa mabomba. Mwa asanuwo palibe ndi mmodzi yemwe amene anaona zimenezi ndi maso ake. Anangozimva kwa makolo, ndipo makolo athu nkhani imeneyi amaikamba moduladula.

## A pawailesi ndi mlendo

Mpikisano utatha, muulutsi wina wa pawailesi ya m'dera anawatchulako pa pulogalamu yake. Anati achinyamata a masiku ano akusokoneza chikhalidwe ndi zinthu za azungu. Anthu anaimba foni, ena kumuvomereza, ena kumutsutsa, koma zinkamveka kuti ambiri mwa iwo sanaonere. Mkanganowo unali wa chikhalidwe ndi chizungu, umene timauchita chaka ndi chaka, ndipo kagulu kaja kanangokhala poyambira. Ndinkafuna wina awakumbutse kuti mganda umene lero timauyesa wa makolo unachokera pa kuonera perete wa asilikali a atsamunda, ndi kuti ngoma inabwera ndi Angoni kuchokera kummwera m'zaka za m'ma 1800 n'kupeza Achewa ali ndi magule awo kale. Zimenezo nazonso tsiku lina zinali zachilendo. Koma ngakhale yankho limeneli silikhudza funso loti kodi zimene anawa anapanga n'zabwino kapena ayi.

Kenako kunabwera mlendo wochokera ku Maputo, wogwira ntchito za luso, amene anadutsa kuno pa ulendo wina n'kuwaonera kuseri kwa chigayo kuja. Iyeyu anawatamanda kwambiri. Anawajambula kanema wamfupi n'kumuika pa Facebook, akunena kuti wapeza chuma chobisika m'mapiri a Angónia, mizu ya Africa ikukumana ndi tsogolo. Anawo anasangalala, ndipo sindiwadzudzula, pakuti aka kanali koyamba munthu wakunja kuwaombera m'manja. Koma nditawerenga zimene analembazo ndinaona kuti akanatha kuzilemba za gulu lina lililonse lokhala ndi ng'oma ndi sipika. Munalibe chimene mlongo wanga akanatenga n'kukagwiritsa ntchito pokonzekera mawa lake.

## Usiku wa ku Domwe

M'nyengo yozizira, anthu atakolola, amayi athu anati apite akaonetse kumudzi kwawo, m'tsinde mwa phiri la Domwe. Cholinga chawo chinali chakuti abale aone zimene mwana wawo amatanganidwa nazo madzulo onse. Tinakweza sipika ndi batire ya galimoto pa njinga zamoto. Anaonetsera pabwalo la pafupi ndi sukulu, dzuwa litapendeka, anthu atafunda zitenje ndi mabulangete.

Ana anaseka zitoliro zitayamba. Akuluakulu ena anang'ung'udza pamene chigayo chinalira m'sipika. Koma mlongo wanga atayamba kuyenda pang'onopang'ono kudutsa bwalo, mtolo uli pamutu, phokoso linachepa. Atamaliza anthu anaomba m'manja mwaulemu, mmene amaombera mlendo, ndipo ambiri anadzuka kupita kukasonkha moto.

Agogo ena aakazi, azakhali a amayi athu, sanadzuke. Iwowa ndiwo anatsogolera banja lawo pobwerera kuchokera ku Dedza, amuna awo atamwalirira komweko. Anakodola mlongo wanga.

"Naphiri, tabwera kuno. Uwaitanenso anzakowo."

Onse asanu anabwera n'kunjuta patsogolo pawo.

"Iwe poyenda paja umayang'ana kuti?"

"Kutsogolo, agogo. Kumudzi kumene ndikupita."

"Ndiye sunaope. Woyenda njira imene akuikayikira sayang'ana kumudzi. Amayang'ana chidendene cha amene ali patsogolo pake. Pamene mnzako wachotsa phazi, iwe uikepo lako, pomwepo, osaphonya. Ndipo mutu sungaweramitse, pakuti pamutu pali mphika, kumbuyo kuli mwana. Amatsika ndi maso okha."

Anadzuka, n'kutenga mtolo uja kuuika pamutu pawo, n'kuyenda. Khosi linali chilili, maso ali pansi, phazi lililonse likuima kaye m'mwamba lisanaponde. Sanayende patali, mwina kuchoka pamene tinakhala kukafika pa mtengo wa m'mphepete mwa bwalo. Amayi athu anatembenukira kumbali n'kudziphimba kumaso ndi chitenje. Mlongo wanga anadzuka osauzidwa n'kuwatsata pambuyo, akuponda m'mapazi mwawo, ndipo agogowo anamubweza kangapo. "Wafulumira. Ukuthamangira chiyani? Bwerera."

Atakhalanso pansi anatembenukira mnyamata wa foni.

"Nanga iwe mwana wanga, chigayo chija wachiika chifukwa chiyani?"

Mnyamatayo anayankha mwaulemu koma molimba mtima. Anati chigayo ndi moyo wa lero, ndipo amafuna kuti anthu amve kuti zakale ndi zalero zili pamodzi.

"Tikufika kuno kunalibe chigayo," anatero agogo. "Kunalibe denga, kunalibe nkhuku. Mitondo yomwe tinachita kusema yatsopano. Chigayo chinabwera patapita nthawi, titakolola kale kangapo. Ukachiika poyamba ukundinamiza. Uchiike kumapeto, kumene chinafikira."

Kenako ananena chinthu chimene ine sindinayembekeze kwa munthu amene nyanga anali asanaimvepo. Anati zitoliro zija zikasiya mpata, iwo amayamba kumvetsera, mtima n'kuyamba kudikira, koma asanadikire mokwanira mnyamatayo amathirapo mvula kapena malole. "Paliponse pamene pakhala chete mukuthamangira kutsekapo. Mukuopa kuti anthu achoka? Asiyeni achoke. Amene akudziwa akhala." Mphunzitsi wa ku Changara anangogwira pakamwa. Pambuyo pake anandiuza kuti mfundo yomweyo anakhala akukangana nayo ndi mnyamata wa foni kuyambira pachiyambi, koma ankagonja chifukwa nayenso ankaopa.

Sikuti zonse zimene ananena zinalandiridwa. Bangwe wamagetsi sanamukonde m'pang'ono pomwe. Anati bangwe ndi wa munthu mmodzi wokhala pakhonde akudandaula zake chapansipansi, ndipo ukamukweza mawu wamuvula ulemu. Woimba bangwe anayankha kuti, "Agogo, pepani, pamenepo ndikana. Madandaulo amenewo akhala chapansipansi nthawi yaitali, n'chifukwa chake ife sitikuwadziwa." Agogowo anamuyang'ana nthawi ndithu, n'kunena kuti, "Chabwino, ndi bangwe wako. Koma chingwe chachitatu chija chikulira mopotoka, uchikunge." Pa nkhani ya bangweyi ine ndili kumbali ya mnyamatayo. Kulira kokhakhala kumene kumatuluka thabwa likanjenjemera pa kamaikolofoni ndiko kumandigwira mtima kwambiri m'chinthu chonsecho. Koma chingwe chija chinalidi chopotoka.

Tinakhala pamenepo mpaka kuzizira kunatithamangitsa. Nthawi yonseyo agogo sanafunseko kuti kodi chimenechi ndi gule, sewero kapena chiyani. Anachitenga kuti ndi ntchito imene ana agwira, yokhala ndi malo olimba ndi malo ofooka, n'kuloza malo ofookawo ndi chala.

## Uthenga wa m'mawa

Kutacha kunabwera nkhani ina yolemera. Anyakwawa anatumiza munthu kudzaitana woimba ng'oma yekha. Chapakati pa chionetserocho mnyamatayo ankaimba mbalule, ng'oma yotsogolera pa gule wamkulu, mmene imaimbidwira poitana zilombo pabwalo. Akuluakulu a kudambwe anaimva ali kunyumba zawo. Uthenga wawo unali wachidule: iwe unameta, ukudziwa chimene ng'oma imeneyo imaitana, ndipo usiku wathawu waiimba popanda maliro, popanda chinamwali, popanda chilolezo cha mwini mzinda.

Gawo limenelo ndi lomwe mlendo wa ku Maputo analikonda koposa, ndipo ndi lomwe linali mu kanema wake. Mnyamata wa foni anakwiya, akuti luso lilibe malire, ndiponso gule wamkulu anatchulidwa ndi UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi timbila, nyimbo za Achopi a kummwera kwa Mozambique. Zimenezo n'zoona, ndipo ulemu wa gulewo unaperekedwa kwa Mozambique, Malawi ndi Zambia pamodzi. Koma ine sindikuona kuti kutchulidwa ndi UNESCO kunachotsa gule m'manja mwa eni ake. Anthu amenewa anasunga dambwe pamene amishoni ankalimbana nalo, analisunganso m'zaka zotsatira ufulu wa 1975 pamene miyambo yambiri inkaonedwa ngati yobwezera dziko m'mbuyo, ndipo analinyamula popita ku Malawi ndi pobwerera. Akanena kuti ng'oma iyi ili ndi ntchito yake, akunena chinthu chimene anachivutikira. Ndiponso dandaulo lawo linali la anthu amene anamvetsera: anazindikira kaimbidwe kake ali patali, n'kutchula malo enieni pamene panalakwika.

Woimba ng'oma sanatsutse. Anapepesa mwa mwambo, ndipo zimene zinakambidwa kumeneko si zanga kuzilemba pano.

## Zimene zinasintha

Atabwerera kuseri kwa chigayo anaphwasula pafupifupi theka la zimene anali nazo. Mbalule inachoka. M'malo mwake woimba ng'oma anapeka kaimbidwe kakekake pa ng'oma ya mpanje, kochedwa, kotsatira mapazi a wovina m'malo mowatsogolera, kotero kuti ng'oma imalira phazi likaponda, ndipo phazi likaima m'mwamba nayonso imadikira. Mvula ndi malole zinachoka pakati pa zitoliro. Tsopano pali malo ena pamene pamakhala zii nthawi yaitali moti munthu umamva mpweya wa ouzira. Chigayo chinasamukira kumapeto, ndipo chimayamba chapatali kwambiri.

Mlongo wanga anasintha kayendedwe konse. Anapitanso ku Domwe yekha kukakhala ndi agogo aja, ndipo anabwerako ndi zambiri zimene amayi athu sanatiuzepo, monga zoti ana aang'ono ankawamanga nsalu m'chiuno n'kuigwira kuti asapatuke panjira kukathyola zipatso. Zimenezo anaziika m'kavinidwe kake popanda liwu lililonse, dzanja limodzi limangokhala kumbuyo litagwira chinthu chosaoneka. Dziko lathu linalengezedwa mu 2015 kuti mabomba okwirira odziwika onse achotsedwa, ndipo ana a sukulu amene ndimawaphunzitsa ambiri sadziwa kuti njira zimene amadutsa popita kumunda zinkaopedwa. Ena mwa iwo ataonera anandifunsa kuti dzanja lija likugwira chiyani. Ndinawauza kuti akafunse agogo awo.

Kwa ine chinasintha n'chakuti ndinasiya kudikira kuti wina wa ku Tete kapena ku Maputo adzalembe za anawa moyenera. M'chigawo chathu chino nyimbo zimaulutsidwa, mipikisano imachitika, zithunzi zimaikidwa pa intaneti, koma munthu wokhala pansi n'kunena kuti mphindi iyi yagwira, iyi yagwa, ndipo chifukwa chake n'ichi, ndi wosowa. Kagulu kakang'ono kopanga zinthu zosazolowereka kamavutika kawiri: amene sakukafuna amakakana chonse, amene akukafunira zabwino amakatamanda chonse poopa kukafooketsa. Ine ndinali m'gulu lachiwirili chifukwa wovinayo ndi mlongo wanga, ndipo agogo aja anandionetsa kuti anawa ndi olimba mokwanira kumva zoona.

## Maganizo anga pa zimene ali nazo lero

Ndiye ndinene zanga. Mphindi 25 zoyambirira tsopano ndi chinthu champhamvu kuposa chilichonse chimene ndinaonerapo kuno ku Vila. Kuyambira pamene zitoliro zitatu zikufunafuna zinzake mpaka pamene wovina wafika tsidya lina la bwalo n'kutula mtolo, palibe chimene ndingachotse.

Gawo lomaliza silinapse. Wovina akatula mtolo, anawo sadziwa chochita ndi chimwemwe. Amalowetsa kanyimbo kothamanga, bangwe n'kuyamba kuimba ngati gitala ya pa ukwati, onse n'kuyamba kumwetulira. Zikuoneka kuti akufuna kutsanzikana ndi anthu mwamtendere kuti asapite kwawo ndi mtima wolemera. Koma amene anabwerera sanapeze phwando. Anapeza minda itamera tchire, malire a minda atasokonekera, ena atalima kale pamalo a anzawo, ndi manda amene panalibe wowasonyeza. Milandu ya malo imene inayamba nthawi imeneyo ina anyakwawa akuiweruzabe. Ngati kaguluka kakufuna kunena za kubwerera, mbali imeneyo ndi imene sikanaigwire, ndipo chigayo chikamayamba kulira kumapeto chimafika pa anthu amene sitinawaone akuvutika kumanganso.

Ndinawauza zimenezi kuseri kwa chigayo, onse asanu alipo. Mlongo wanga sanandilankhule mpaka mawa lake. Mnyamata wa foni anati ndikufuna kuti chinthu chonse chikhale maliro. Mphunzitsi wa ku Changara anati mwina vuto si chimwemwecho koma kuti chafika msanga, ndipo akufuna ayese kubweretsa ouzira nyanga ena pang'onopang'ono chakumapeto, mmodzimmodzi, kuti mipata ija izitsekeka ndi anthu m'malo mwa sipika. Zimenezo zikufuna anthu ena osachepera asanu odziwa kuuzira, ndipo kuno kumtunda kulibe. Wayamba kuphunzitsa ana a kalasi yake Loweruka masana, ndi zitoliro za mapaipi zimene akudula yekha.

Pali vuto linanso. Woimba ng'oma wapeza ganyu ku Moatize ndipo anyamuka mvula isanagwe. Anzake akuganiza zojambula ng'oma yake pa foni kuti aziiika m'sipika. Ine ndawauza kuti sizitheka, pakuti ng'oma imeneyo ntchito yake ndi kudikira phazi la wovina, ndipo phazilo siliponda nthawi yofanana masiku onse. Mlongo wanga akugwirizana nane pamenepa. Akufunafuna wina woti aphunzire kwa mnyamatayo asanachoke, ndipo amalume avomera kuti azitseka chigayo msanga Lachitatu ndi Lachisanu kuti nthawi yokonzekera ichuluke.